Ng'ombe yofiira ya ku Chicago: zikho 6 ndi mkangano wosatha wa yemwe adaimanga

Pa mulu wa kaunjika, kaya ku Limbe kaya ku Lilongwe, mukafukula modekha simungalephere kupeza chipewa kapena jezi ya mutu wa ng'ombe yofiira yokwinya nkhope, nyanga zoyera, nsonga zake zili psuu ngati yangobaya kumene munthu. Wakabaza amavala, kondakitala wa minibasi amavala, ngakhale agogo kumudzi amapherera nayo mphepo ya mu June osadziwa kuti ng'ombeyo ndi ya khola la yani. Mukafunsa achinyamata, ambiri angoti ndi ya Jordan. Sakunama. Koma anthu a ku Chicago eniake mpaka lero amakanganabe pa yankho limenelo.

Ng'ombeyo ndi chizindikiro cha Chicago Bulls, timu ya basketball ya mu ligi ya NBA ku America. Idatenga chikho ka 6, ndipo zikho zonsezo zidabwera pakati pa 1991 ndi 1998. Chaka cha 1991 chisanafike timuyi inali isanapondeko mu ndime yomaliza, ndipo chidutsireni 1998 sinabwererekonso. Tsono timu imene idabadwa mu 1966 ili ndi zaka 8 zokha za ulemerero, zina zonsezo ndi zodikira ndi zokumbukira.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe taiwala kaye momwe mpira wamiyendo umayendera kuno. Mu NBA mulibe kutuluka mu ligi. Timu ikhoza kugonja chaka chonse, chaka chamawa ili momwemo. Matimu alipo 30, ndipo iliyonse imasewera masewero 82 pa sizoni isanayambe ndime ya chipulula, imene eniake amati playoffs. M'ndime imeneyi matimu awiri amakumana mobwerezabwereza, yoyamba kupambana ka 4 ndiyo imapitirira. Osewera atsopano satoledwa ndi amene ali ndi thumba lalikulu ayi. Pali mwambo wa draft, pomwe matimu amasankha achinyamata motsatana, ndipo amene achita moipa ndiwo amachitirana maere a yemwe ayambe kusankha. Wosewera amene ali kale pa kontirakiti sagulidwa ndi ndalama ngati ku Ulaya, koma amasinthanitsidwa ndi wosewera wina kapena ndi mwayi wa draft. Palinso malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse. Izi zikutanthauza kuti munthu amene amasankha, kusinthanitsa ndi kusainitsa osewera ali ndi mphamvu zoposa za kochi. Mumukumbukire munthu ameneyu, tikumana naye.

Bulls idakhazikitsidwa ndi Dick Klein mu January 1966. Chicago inali itataya kale matimu awiri a ligiyi, Stags ndi Packers, moti ambiri ankati basketball singamere mumzindawo. Dzina la ng'ombe lidagwirizana ndi mbiri ya Chicago ngati likulu la malo ophera ng'ombe, ndipo bwalo loyamba la timuyi, International Amphitheatre, linali pafupi ndi makola ake. Sizoni yoyamba idapambana masewero 33 n'kugonja 48, koma idalowa ndithu m'ndime ya chipulula. M'zaka za m'ma 1970, pansi pa kochi Dick Motta, inali timu yolimba mutu, ya Jerry Sloan ndi Norm Van Lier otchinga ngati akulipiritsa ngongole, ndi Bob Love ndi Chet Walker ogoletsa. Mu 1975 idatsala sewero limodzi kuti ilowe mu ndime yomaliza, Golden State n'kuitulutsa 4-3. Kenako kudada. Mu 1979 mwayi woyamba wa draft udagamulidwa poponya khobidi m'mwamba pakati pa Bulls ndi Los Angeles Lakers. Khobidi lidagwera Lakers, iwo n'kutenga Magic Johnson. Bulls idatenga David Greenwood.

Mwayi udabwera mu 1984, ndipo udabwera chifukwa ena adasankha kaye. Houston idatenga Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, Nigeria, ndipo palibe amene angaidzudzule poti naye adadzatenga zikho ziwiri. Portland idatenga Sam Bowie, wamtali koma wa miyendo yosachedwa kuvulala. Wachitatu kusankha anali Rod Thorn wa Bulls, ndipo adatchula Michael Jordan wa ku yunivesite ya North Carolina, mnyamata wa mamita 1.98. Chaka choyamba chomwecho ankagoletsa mapointi 28.2 pa sewero lililonse tikawerengera pakatikati.

Mu 1985 timu idagulidwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Jerry Reinsdorf, ndipo iye adachotsa Thorn n'kuika Jerry Krause pa mpando wa wosankha ndi kusainitsa osewera uja. Krause anali bambo wamfupi, wojintcha, wosadziwa kuseka ndi atolankhani, amene moyo wake wonse adathera m'mabwalo ang'onoang'ono kusaka luso lomwe ena sanalione. Vuto lake linali limodzi kuyambira tsiku loyamba: mwala wapangodya adaupeza utaikidwa kale ndi wina. Chilichonse chomwe akanamanga, anthu akanati ndi Jordan. Udani wa awiriwa udayamba msanga. Jordan atathyoka fupa la phazi mu sizoni ya 1985-86 n'kuphonya masewero 64, akuluakulu adamuikira malire a mphindi zosewera atachira, iye n'kuona ngati akufuna timu igonje dala kuti ikapeze malo abwino ku draft. Kuyambira pamenepo sankamwerana madzi.

Pano pali chiwerengero chimene okonda Jordan sakonda kuchimva. M'zaka zake zitatu zoyamba, Bulls idasewera masewero 10 a chipulula, idapambana limodzi lokha. Pa 20 April 1986 Jordan adagoletsa mapointi 63 ku Boston, chiwerengero chomwe mpaka lero palibe wachiposa pa sewero la chipulula, koma timu idagonja 135-131. Sizoni yotsatira ankagoletsa 37.1 pa sewero, Boston yomweyo n'kuwasesa 3-0 (nthawi imeneyo gawo loyamba la chipulula linkatha timu ikapambana ka 3). Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ngakhale chitakhala chala cha Jordan.

Zala zinazo adazipeza ndi Krause. Pa draft ya 1987 adapangana ndi Seattle kuti imutengere Scottie Pippen, mnyamata wa ku Hamburg m'chigawo cha Arkansas, wochokera ku kayunivesite kosatchuka ka Central Arkansas, chitsirizira m'banja la ana 12. Usiku womwewo adatenganso Horace Grant. Chaka chotsatira adapereka Charles Oakley, mnzake wapamtima wa Jordan, ku New York posinthana ndi Bill Cartwright, chimphona chomwe Jordan sankachifuna n'komwe. Adabweretsa mkulu wina wokalamba, Tex Winter, ngati wothandizira kochi, n'kukatolanso Phil Jackson yemwe ankaphunzitsa katimu ka ligi yaing'ono ku Albany. Mu 1989 adachotsa kochi Doug Collins, amene timu inali itangofika naye patali, n'kupereka mpando kwa Jackson. Zina mwa izi anthu sanaziombere m'manja pa nthawiyo.

Chomwe chidakakamiza kusinthaku ndi Detroit Pistons ya Isiah Thomas, Joe Dumars, Bill Laimbeer ndi Dennis Rodman. Iwo adatulutsa Bulls zaka zitatu zotsatizana, 1988, 1989 ndi 1990, ndi njira yosabisa: Jordan akagwira mpira amuunjirire awiri kapena atatu, akalowera ku ringi yogoletsera amugwetse asanadumphe, anzakewo asiyidwe aone ngati angagoletse. Ndipo anzakewo ankalepheradi. Mankhwala a Winter ndi Jackson anali kaseweredwe kotchedwa triangle. Taganizani mafuwa atatu: osewera atatu amaima chotero mbali imodzi ya bwalo, mmodzi pafupi ndi ringi, wina pakona, wina cham'mbali, pomwe awiri otsalawo ali mbali inayo. Mpira suchedwa m'manja mwa munthu. Aliyense amayang'ana pomwe otchinga atsegula n'kuponyera kumeneko, moti ukaunjirira munthu mmodzi wasiya khomo lina pululu. Kwa Jordan izi zinkatanthauza kupereka mpira kwa anthu omwe sankawakhulupirira, ndipo poyamba adanyinyirika. Adayambanso kunyamula zitsulo kuti thupi lipirire zigongono za Detroit.

Mu 1991 zidapsa. Bulls idapambana masewero 61, n'kusesa Detroit 4-0, moti osewera a Pistons ambiri adatuluka m'bwalo nthawi isanathe, osapereka ndi moni womwe. Mu ndime yomaliza idagonjetsa Lakers ya Magic Johnson 4-1. Asanu oyamba anali John Paxson, Jordan, Pippen, Grant ndi Cartwright. Chomwe chimandisangalatsa pa sewero lomaliza la chaka chimenecho n'chakuti mphindi zothera, amene ankagoletsa anali Paxson, ataima payekha, Jordan akumuponyera. Mu 1992 idapambana 67 n'kugonjetsa Portland 4-2. Mu 1993 idakumana ndi Phoenix ya Charles Barkley, Jordan akugoletsa mapointi 41 pa sewero, koma chikho chidatsekedwa ndi Paxson yemweyo, ataponya wa mapointi atatu kutatsala masekondi 3.9, mpira utadutsa m'manja mwa osewera onse asanu. Zidatha 99-98.

Mu July chaka chomwecho bambo ake a Jordan, a James Jordan, adaphedwa ndi achifwamba ku North Carolina. Mu October Jordan adalengeza kuti wasiya basketball, ali ndi zaka 30, ndipo adakayesa baseball ku timu yaing'ono ya Birmingham Barons. Sizoni ya 1993-94 ndiyo umboni waukulu wa mbali ya Krause pa mkangano uja, chifukwa popanda Jordan timu idapambana masewero 55, kutsika ndi awiri okha. Pippen ndiye adasenza katundu. Koma ndi chaka chomwechonso chimene adadzipaka matope. Pa sewero lachitatu ndi New York, zigoli zili zofanana, kutatsala masekondi 1.8, Jackson adalamula kuti mpira womaliza aponye Toni Kukoč, mnyamata wa ku Croatia yemwe Krause adamunyengerera zaka zingapo. Pippen adakwiya n'kukana kubwerera m'bwalo. Kukoč adaponya, mpira udalowa, koma Bulls idatuluka ndithu 4-3. Ndiye umboni uja uli ndi mbali ziwiri: popanda Jordan timu inali yabwino, koma chikho ayi.

Jordan adabwerera mu March 1995 atavala nambala 45, timu itasamukira ku bwalo latsopano la United Center. Orlando idawatulutsa, ndipo mmodzi mwa owazunza anali Grant amene anali atasamukira komweko. Bulls inkasowa wowakha mipira yodunda pa ringi. Apa Krause adachita chinthu chimene bwana wamantha sakanachita: adapereka Will Perdue ku San Antonio n'kutenga Rodman, mdani wakale uja, wa tsitsi losintha mtundu ngati bilimankhwe, amene matimu ena ankamuthawa. Rodman anali wa mamita 2.01 okha, wamfupi poyerekeza ndi zimphona zomwe ankalimbana nazo, koma adatsogola ligi yonse pa ma rebound, kuwakha mipira yodunda kuja, zaka 7 zotsatizana. Kugoletsa analibe nako ntchito. Ankaphunzira momwe mpira wa munthu aliyense umadundira, n'kukaima pomwe ugwere.

Timu ya 1995-96 ndiyo imene ambiri amaitcha yoposa zonse: Ron Harper, Jordan, Pippen, Rodman ndi Luc Longley wa ku Australia, pabenchi pali Kukoč ndi Steve Kerr. Pa gulu lomwe lidatenga zikho zitatu zoyamba, adatsala ndi Jordan ndi Pippen basi, ena onse anali atsopano. Timuyi idapambana 72 n'kugonja 10, idatha chipulula ndi 15-3, n'kutenga chikho pamaso pa Seattle pa 16 June 1996, tsiku lokumbukira abambo ku America. Jordan adakagwa pansi m'chipinda chovalira atakumbatira mpira, akulira. Mbiri ya 72 ija idakhala zaka 20 mpaka Golden State idapambana 73 mu 2016, kochi wake ali Kerr yemweyo, koma iwo chikho adachiphonya.

Zikho ziwiri zomaliza zidachokera kwa Utah Jazz ya Karl Malone ndi John Stockton. Mu 1997 Jordan adasewera sewero lachisanu akudwala, akuchita kudzandira, n'kugoletsa 38, ndipo lachisanu ndi chimodzi adalitseka ndi Kerr atalandira mpira kwa Jordan. Kunja kunkaoneka bwino, koma m'nyumba munali utsi. Pippen adasaina kontirakiti yaitali mu 1991, ya madola 18 miliyoni, chifukwa adakulira m'nyumba momwe bambo ndi mchimwene wake anali olumala ndipo ankaopa kuvulala asanapeze kanthu. Malipiro a mu ligi atakwera, iye adatsalira. Mu sizoni ya 1997-98 Jordan ankalandira madola oposa 33 miliyoni, Pippen osafika 3 miliyoni, ndipo osewera oposa 100 mu NBA ankamuposa malipiro. Reinsdorf adakana kukambirananso. Pippen adachedwetsa dala opaleshoni ya phazi mpaka sizoni itayandikira, n'kupempha kuti amusinthanitse. Krause ndi Jackson nawo anali atasiya kuyankhulana bwino, ndipo zidalengezedwa sizoni isanayambe kuti chimenecho n'chaka chomaliza cha kochiyo. Jordan adati sadzasewera pansi pa kochi wina. Pa nthawi yomweyi mawu a Krause adafala, akuti zikho amatenga ndi mabungwe, osati osewera. Krause mwiniwakeyo ankati adanena kuti osewera ndi makochi paokha sangathe, atolankhani n'kudula liwu limodzi. Kaya adadula kaya sanadule, Jordan adawamva ngati chipongwe.

Adatenga ndithu chachisanu ndi chimodzi. Pa 14 June 1998 ku Salt Lake City, Utah ikutsogola ndi pointi imodzi, Pippen akuvutika ndi msana, Jordan adazembera Malone kumbuyo n'kumulanda mpira. Adayenda nawo osathamanga, adalowera kumanja, n'kuima mwadzidzidzi Bryon Russell n'kupitirira, iye n'kuponya kutatsala masekondi 5.2. Dzanja lidatsala m'mwamba. 87-86, mapointi ake 45. Anthu a ku Utah mpaka lero amati adamukankha Russell.

Pofika January 1999 nyumba inali itaphwasuka. Jackson adachoka, Jordan adapumanso, Pippen adapita ku Houston, Kerr ku San Antonio, Longley ku Phoenix, Rodman adamasulidwa. Krause ankakhulupirira kuti ndi bwino kugwetsa msanga kusiyana n'kudikira osewera akalambire pa malipiro, ndipo tsopano anali ndi mpata womanga timu yakeyake yopanda mthunzi wa Jordan. Sizidayende. Sizoni yofupikitsidwa ya 1999 idatha 13-37, ndipo tsiku lina timu yonse idagoletsa mapointi 49 okha ndi Miami. Mu 2000-01 idapambana 15 n'kugonja 67. Adatenga Elton Brand woyamba pa draft ya 1999, patatha zaka ziwiri n'kumupereka kuti apeze Tyson Chandler wongochoka kumene ku sekondale. Mu 2003 Krause adatula pansi udindo, Paxson n'kulowa m'malo.

Kwa ife a ku Africa, dzina lofunika m'zaka zotsatira ndi Luol Deng. Adabadwira ku Wau mu 1985, dera lomwe lero ndi South Sudan, banja lake lidathawa nkhondo kupita ku Egypt, kenako ku London komwe adakulira. Adafika ku Bulls mu 2004 n'kukhalako pafupifupi zaka 10, munthu wosatopa amene makochi ankamusiya m'bwalo mpaka miyendo ikane, ndipo adasankhidwa kawiri pa sewero la akatswiri a ligi, mu 2012 ndi 2013. Atapuma adakatsogolera bungwe la basketball la South Sudan, ndipo dzikolo lidafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024. Ku Bulls, pambali pa Deng panali Joakim Noah, mdzukulu wa wosewera mpira wa ku Cameroon, amene mu 2014 adasankhidwa wotchinga bwino koposa mu ligi.

Chiyembekezo chenicheni chidabwera ndi Derrick Rose. Mu 2008 Bulls inali ndi mwayi wa 1.7 peresenti yokha wopeza malo oyamba pa draft, koma maere adaigwera, n'kutenga mwana wa mumzinda momwemo, wa ku Englewood, dera losauka la kummwera kwa Chicago. Mu 2011, ali ndi zaka 22, adakhala wosewera wamng'ono koposa kulandira ulemu wa MVP, wa wosewera wopambana onse pa sizoni. Pansi pa kochi Tom Thibodeau, ndi Deng, Noah ndi Carlos Boozer, timu idapambana 62, Miami ya LeBron James n'kuitsekereza pakhomo la ndime yomaliza. Pa 28 April 2012, sewero loyamba la chipulula ndi Philadelphia, Bulls ikutsogola ndi mapointi 12 kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, Rose adadumpha n'kutera molakwika, mtsempha wa bondo lamanzere n'kuduka. Funso loti ankafunanji m'bwalo sewero litatha kale limamutsatabe Thibodeau. Rose adaphonya sizoni yonse yotsatira, mabondo adapitiriza kumuvuta, ndipo mu 2016 adatumizidwa ku New York. Jimmy Butler, amene adatoledwa pa nambala 30 mu 2011 n'kukula kukhala katswiri, naye adaperekedwa ku Minnesota mu 2017. Timu ya DeMar DeRozan, Zach LaVine, Nikola Vučević ndi Lonzo Ball idawala miyezi ingapo mu 2021-22, bondo la Ball n'kuzimitsa nyaliyo.

Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri za mkangano uja zili ndi umboni wokwanira kukhumudwitsa inzake. Jordan wopanda Pippen ndi Grant, amene adawabweretsa ndi Krause, adapambana sewero limodzi mwa 10 a chipulula. Krause wopanda Jordan sanafikenso ndi m'chipulula momwe atagwetsa timu ija. Koma ochemerera a ku Chicago adagamula kale mlanduwu, ndipo sanaugamule mwachifundo. Krause adamwalira mu 2017, chaka chomwe adalowetsedwa m'gulu la akatswiri olemekezeka a basketball. Pa 12 January 2024, Bulls idakonza mwambo ku United Center wolemekeza anthu omwe adaimanga, pa nthawi yopuma ya sewero ndi Golden State. Jordan ndi Pippen sanabwere. Dzina la Jackson litatchulidwa bwalo lidagwedezeka ndi m'manja. La Krause litatchulidwa, anthu ambiri adakuwiza, pomwe makamera anali ataloza mayi Thelma Krause, mkazi wake wamasiye, atakhala pampando pakati pa bwalo. Mayiwo adagwetsa misozi, Ron Harper n'kuwagwira paphewa kuwatonthoza. Kerr, amene usikuwo anali kochi wa alendo, adati pambuyo pake zomwe zidachitikazo zinali zochititsa manyazi. Sewerolo Bulls idagonja.